Kadontho Kachikasu ka a Kaye

Alamu anga, amene adakwatira mlongo wanga wamkulu, dzina lawo lenileni lidatsalira pa chiphaso. Tonse tinkangowatcha a Kaye, chifukwa liwu limeneli silinkachoka pakamwa pawo. Ukati tiyi wapsa, iwo ankati, "Dikira kaye," n'kuyamba anunkhiza kapuyo. Ukati kunja kwacha bwino, ankatuluka kukadzionera okha. Mlongo wanga ankasimba kuti tsiku limene adawauza kuti ali ndi pakati, bamboyo adangoti, "Tione kaye," ndipo adadzavomera mwana atalira.

Adali makaniko, koma osati wa chilichonse. Za injini ankatumiza kwa ena, za magetsi kwa ena. Iwo ntchito yawo idali miyendo ya galimoto: masipulingi, mabushi a labala ndi mashoko, zitsulo zija zokhala ndi oyilo m'kati, zimene zimaletsa galimoto kunjanja ikaponda bampu. Mbiri yawo idamveka makamaka chifukwa cha timagalimoto takale ta mipando iwiri, tofupika ngati kamba, timene tidapangidwira liwiro eni ake akadali anyamata. Galaja yawo idali ya malata, kumapeto kwa kanjira ka fumbi, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Ine ndinkasoka mipando ya galimoto m'kachipinda kogundana nayo khoma, zaka makumi atatu ndi mphambu zinayi. Tsono zimene ndikunenazi sindidachite kumva kwa munthu.

Wina akabwera ndi mashoko onyezimira m'katoni, a Kaye katoniyo sankaiyang'ana n'komwe. Ankakanda chitsulocho ndi chikhadabo kuti aone ngati kunsi kwa penti kuli dzimbiri, pakuti alipo akathyali amene amatsuka mashoko akufa, kuwapaka penti, n'kuwagulitsa ngati atsopano. "Chikomekome cha mkuyu," ankatero, mwambiwo n'kuusiya pomwepo. Kenako ankaimika shokoyo chilili, kuipondereza ndi kuikoka kanayi kasanu, khutu lili pafupi. Anyamata ofuna mashoko a gasi ouma gwa, ndi odula masipulingi kuti galimoto ikhale pansi, ankawabweza pakhomo. "Galimoto ya zaka makumi anayi ili ngati agogo ako," ankawauza. "Ukawaveka nsapato zachitsulo, chothyoka ndi chiuno." Sankasintha shoko imodzi, ya kumanzere ndi ya kumanja zinkachokera limodzi ngati mapasa. Sankamanga mabawuti galimoto ili lende pa jeke, ankati mabushi amang'ambika. Ankaitsitsa kaye kuti itsamire pa matayala ake. Ndipo ntchito ikatha, ankatulutsa kachitini ka penti wachikasu m'thumba la ovolosi, n'kudontheza kadontho pa chilichonse chimene amanga. Kadonthoko kadali chidindo chawo, komanso kadali msampha: wina akagwira, penti ankasweka.

Mwana adali naye mmodzi yekha, wamkazi, yemwe uja adachita kulira kuti amukhulupirire. Adakulira m'galaja momwemo, ndipo anthu adamutcha Nasipanala. Pa nthawi ya nkhaniyi adali mayi wa ana awiri, zaka zake zikuyandikira makumi anayi. Manja adatengera bambo ake, kufatsa adatengera mayi ake, amene adali atatisiya zaka zitatu m'mbuyomo. Ntchito yonse yolemera ankagwira ndiye. Koma kachitini kachikasu sadakagwirepo, ndiponso kuwerenga mano kudali kwa bambo ake okha.

Ndilongosole za manowa. Mashoko abwino a timagalimoto timeneti amakhala ndi kagudumu kuphazi kwake, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Ukakapotokola kamagunda monong'ona, tche, tche, ndipo kugunda kulikonse a Kaye ankakutcha dzino. Umayamba watseka mpaka mapeto, ndiye n'kumatsegula ukuwerenga. Mano akachepa, galimoto imauma ngati ngolo. Akachuluka, imayenda ikuyepa ngati woledzera. Tigudumu ta kumbuyo sutiona bwino ayi. Umatsikira m'dzenje la m'galaja, pansi pa galimoto, kupisa dzanja kuseri kwa tayala, n'kumamva ndi nsonga za zala.

Chaka chimenecho tsidya la msewu waukulu kudatsegulidwa galaja ya magalasi, ya anyamata ovala zoyera, opima galimoto ndi kompyuta. Mwini wake, bambo wa mimba ndi mulu wa makiyi palamba, adaimitsa Nasipanala kawiri pa msewu, akulankhula n'kumaseka. A Kaye adazionera pa chiboo cha lata. Sadafunse. Iwo zotere sankafunsa, ankangosunga.

Ndiye kudabwera a Jaji, nkhalamba yopuma ntchito, yopindika msana, ndi kagalimoto kawo kobiriwira kamene adakagula asanakwatire.

"A Kaye, kagalimotoka kakundipha msana," adatero a Jaji. "Koma musakasandutse matilesi. Ndikufuna pokhota kazigwira msewu."

"Mukufuna mkazi wofatsa koma wolongolola," adayankha a Kaye. "Dikirani kaye."

Kusankha kokha kudawatengera mlungu wathunthu. Kutsogolo kagalimotoko kadali ndi masitirati, mashoko aakulu okhala m'kati mwa sipulingi, amene amanyamulanso tayala. Amenewo adangowatsegula kumutu n'kuwaika mitima yatsopano ya oyilo. Kumbuyo adaitanitsa a mano aja kwa Wamasipeya, bwenzi lawo lakalekale limene ankalikayikira tsiku ndi tsiku. Nasipanala adamanga zonse. Bambo ake adatsikira m'dzenje nawerenga mokweza: mano asanu ndi limodzi kumanzere, asanu ndi limodzi kumanja. Adalemba kamzere ka choko pa kagudumu kalikonse, poti penti ankadikira kuti galimoto iyambe yayesedwa, napita kukagona tulo tawo ta masana pa mpando wa basi umene ndidawasokera.

Atadzuka adakayesa kagalimotoko pa msewu, ndipo kadayenda ngati kakuyandama. Koma atatsikiranso m'dzenje ndi tochi kuti adontheze penti, adapeza timizere ta choko titaloza kwina.

Sadauze munthu. Adatseka tigudumu tonse tiwiri, nawerenganso mwakachetechete, penti osadontheza poti mtima udali usanakhazikike. M'mawa mwake a Jaji adalawirira a Kaye asanafike, ndipo Nasipanala, wosadziwa kuti bambo ake adagwiranso, adawapatsa kiyi.

Patapita masiku awiri a Jaji adabwerera, akutsika chammbali ngati nkhanu.

"A Kaye, ine ndaweruza milandu zaka makumi atatu, koma chilango chotere sindinapatsepo munthu. Pa bampu lililonse kakumagwedeza matako ngati bakha."

Ndidaona Nasipanala akuponya maso kwa bambo ake, kenako n'kuzolika.

Woyamba kuzengedwa adali Wamasipeya. A Kaye adamasula mashoko aja nawanyamula kupita nawo kwa iye. Munthuyo adalumbira pali mayi ake, nawapana pa vayisi onse awiri, ndipo onse adapezeka amoyo. Tsono kudatsala manja.

Lachinayi m'mawa a Kaye adalowa m'kachipinda kanga natseka chitseko.

"Alamu, muno muli mfiti."

"Mfiti ya masana?"

"Ya masana. Wina akumagwira mano anga ndikagona. Inu mumakhala pano tsiku lonse ndi singano yanuyo. Mwaonapo chiyani? Kapena ndinu nomwe?"

"Ine ndi mashoko wapi ndi wapi? Ine ndimadziwa matako a anthu, osati a galimoto."

Sadaseke. Adangondiyang'ana ngati momwe ankayang'anira katoni yatsopano.

Ndipo ine ndidali nditaonadi. Masana ambiri, bambo ake akangoyamba kuliza mkonono, Nasipanala ankatsikira m'dzenje wopanda sipanala m'manja, n'kutulukamo posakhalitsa akupukuta zala. Ndinkayesa akufunafuna nati yogwa. Koma kukayika n'kopatsirana ngati chimfine, ndipo ine ndidali nditakhala pafupi ndi wodwala zaka zambiri. Ndidakumbukira bambo wa makiyi uja. Mumtima ndidati: a Jaji akakhumudwa, anzawo onse a timagalimoto takale adzaoloka msewu, nanga kumeneko akapeza yani? Ndidanena zimene ndidaona. Ine malume ake, amene ndidamuyangata ali khanda, ndidanena.

A Kaye adamuitana Nasipanala pomwepo.

"Mayi, tabwera kuno. Unagwira mano a galimoto ya a Jaji?"

"Ndinagwira, ababa."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Nanga magalimoto ena?"

Nasipanala adapota kansanza m'manja.

"Ndikufunsa iweyo. Chifukwa chiyani?"

"Ababa, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kuli mashoko? Nena pompano, amalume ako amve. Wakulonjeza chiyani wamakiyi uja? Ovolosi yoyera?"

"Ndiye mwafika pamenepo, ababa?"

"Ndafika pomwe wandifikitsa."

Nasipanala adandiyang'ana ine, osati mwaukali, koma ngati munthu wofuna kuti ndituluke. Sindidamvetse, ndipo ndidangoima pomwepo ngati chitsa. Kenako adavula chingwe cha kiyi wa galaja m'khosi mwake nachikoleka pa vayisi.

"Bokosi langa la zida ndidzatenga Loweruka," adatero. "Lolemba ndikayamba kutsidyako, poti mwandipezera kale ntchito."

Adatuluka osamenyetsa chitseko, monga mayi ake ankachitira akapsa mtima kwenikweni.

Lachisanu a Kaye adafika ndi loko watsopano, kiyi wake ali m'khosi. Mashoko aja adawamanga okha, ine ndikuwagwirira tochi, ndipo ntchito imene Nasipanala ankaimaliza tiyi asanazizire idatidyera m'mawa wonse. Nati imodzi idawapulumuka katatu. Adati ndi girizi. Adawerenga mano awo, ndipo tsiku limenelo adaphwanya lamulo lawo lomwe, nadontheza penti nthawi yomweyo, galimoto isanayesedwe. Masana sadagone. Adakhala pa mpando wa basi uja, maso ali pa dzenje, ngati mlonda wa pa nkhokwe.

Kayesedwe kawo kadali ka kapu. Ankathira madzi m'kapu mpaka kutsala chala chimodzi kuti idzaze, ndipo wokwera naye ankaigwira pa bondo. Kuseri kwa malo a matabwa kudali msewu wa mabampu atatu ndi pokhota pamodzi. Galimoto ikakhala bwino, madzi ankangovina osatayika. Tsikulo wogwira kapu ndidali ine.

Pa bampu loyamba kagalimoto kadadumpha mopendekeka, madzi khavu pa ntchafu yanga. Pa lachiwiri chimodzimodzi.

"Mukugwira bwanji kapu, alamu? Manja a telala amanjenjemera?"

"Manja anga ali phee. Koma taonani buluku langali. Anthu aziti nkhalamba yadzikodzera."

Bampu lachitatu sitidafikeko. Adakhota, tidabwerera, natsikira m'dzenje ndi tochi. Timadontho tonse tiwiri tidali tamphumphu, popanda ndi mng'alu womwe.

"Penti ndi wanu," ndidatero ndili pamwamba. "Loko ndi wanu, kiyi ali m'khosi mwanu. Mfitiyo yalowera pati?"

"Dikirani kaye."

Ndidadikira. Kunja kunkamveka macheka a kwa amatabwa. Kenako mawu awo adatuluka otsika.

"Tsikani kuno. Zala zanuzo zimamva ulusi. Tsekani kagudumuka pang'onopang'ono, muziwerenga chamumtima, mundiuze."

Ndidatsika, ndidapisa dzanja kuseri kwa tayala, ndidaswa penti wawo. Kugundako kudali kochepa, koma kunkamveka bwinobwino, ngati mfundo ya ulusi ikudutsa pa nsalu.

"Kumanzere folo," ndidatero. Ndidapita mbali inayo. "Kumanja naini."

"Mwanama."

"Tsegulani nokha, muziwerenga mokweza. Ine ndiika chala pa shokopa."

Adagwira kagudumu. Kadagunda kawiri pansi pa chala changa, iwo nati, "Wani." Kadagundanso, iwo duu. Kenako adati, "Thu," pamene kagudumuko sikadasunthe n'komwe. Adaona nkhope yanga pa kuwala kwa tochi.

Adatuluka m'dzenje nakakhala pa mpando wawo, manja atawatambasula pa mawondo. Adawayang'ana nthawi yaitali, manja akuda ming'alu, amene adadyetsa mlongo wanga ndi kulera mwana. Kenako adazula singano imene ndinkaibaya pa kolala ya malaya anga, nadzibaya nayo pa nsonga ya chala chamkombaphala. Magazi adatuluka, kadontho kamodzi.

"Sindinamve," adatero.

Apo m'pamene zinthu zidayamba kulumikizana m'mutu mwanga: mabatani a malaya awo opita pa maenje olakwika, kapu ya tiyi wowira imene ankaifumbata ngati ya madzi a mumtsuko, manati opulumuka. Adali ndi matenda a shuga, koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo, poti dokotalanso ankamukayikira.

"Munayamba liti kumuona Nasipanala akutsika m'dzenjemo?"

"Zaka ziwiri zakwana."

"Ndiye munakhala chete zaka ziwiri, n'kudzatsegula pakamwa dzulo?"

"Munandifunsa dzulo."

"Zaka ziwiri," adatero okha. "Magalimoto onse aja. Anthu n'kumati a Kaye ali ndi dzanja."

Ndidati tipite kwawo kwa mwanayo madzulo omwewo. Adakana. Mutu wawo udali wouma kuposa mashoko a gasi aja ankadana nawo. Adangoti, "Abwera mawa," ndipo loko watsopano uja adamuponya m'chitini cha mabawuti akutha.

Loweruka Nasipanala adafika dzuwa litangokwera, atavala diresi, osati ovolosi. Adapereka moni wa ulemu kwa bambo ake, kwa ine adangogwedeza mutu, nagwada pa bokosi lake n'kuyamba kulongedza masipanala motsatana kukula kwake. A Kaye adali pa mpando wawo. Ine ndidaima pakhomo, phazi limodzi m'kati, lina kunja.

"Dikira kaye," adatero bambo ake.

Adapitiriza kulongedza.

"Kumanzere kunali folo. Kumanja naini."

Dzanja lake lidaima m'malere, sipanala ili m'manja.

"Unalekeranji kundiuza?"

"Mukanakhulupirira?"

A Kaye adaganiza, poti ngakhale pamenepo sakadayankha chinthu asanachiyese.

"Ayi."

"Ndiye?"

"Ndiye ukanandiuzabe. Ndikanakukalipira, kenako ndikanakayesa ndekha kumbali."

"Zala zimenezo ndi zimene zinandiphunzitsa ntchito, ababa. Ndikanayamba ndi mawu ati? Pamaso pa amalume?" Adatembenukira kwa ine, maso ali ofiira. "Inunso amalume, singano yanu imasoka, koma pakamwa panu pamang'amba."



"Nanga wamakiyi uja?" adafunsa a Kaye, poti khalidwe silichoka tsiku limodzi.

"Anandiitana kawiri, ndinamukana kawiri. Dzana ndi pamene ndinakamuuza kuti ndiganiza."

"Waganiza?"

"Ndikuganizabe."

A Kaye adapisa m'thumba la ovolosi natulutsa kachitini kachikasu. Adalimbana ndi chivundikiro chake, zala zikuterereka, kenako adatambasula dzanja.

"Tanditsegulira, chikundivuta."

Nasipanala adadzuka, adatsegula ndi chikhadabo kamodzi kokha, nawabwezera. Iwo manja adali atawapinda kale pa chifuwa.

"Ndati utsegule. Sindinati undibwezere."

Nasipanala adaima pakati pa galaja, diresi lake la ulendo lili m'thupi, kachitini kali m'manja. Sadanene kuti wakhululuka, ndipo bambo ake sadanene kuti pepa. Mawu amenewo m'banja lija ankasowa ngati masipeya a kagalimoto ka a Jaji. Nasipanala adangoyang'ana dzenje nati, "Sikisi?"

"Yamba ndi sikisi. A Jaji ndi opepuka ndipo sanyamula katundu, mwina tithera pa seveni. Tikamva pa msewu. Zala zafa, koma matako angawa akadali ndi nzeru."

Adapinda diresi lake m'mawondo natsikira m'dzenje.

Ulendo umenewo adayendetsa ndi Nasipanala, bambo ake atagwira kapu ndi manja awiri. Mipando idali iwiri yokha, choncho ine ndidatsala, ndidaima pa ngodya ya malo a matabwa n'kumaonerera. Kagalimoto kadakwera bampu loyamba n'kutera kamodzi, osabwereza. Lachiwiri, lachitatu, kenako kadazimirira pokhota paja katagwira msewu ngati nalimata pa khoma. Adapita kawiri, pakati pake mwanayo atatsikiranso m'dzenje kukatsegula dzino limodzi mbali zonse ziwiri, monga adanenera bambo ake.

Atabwerera kachiwiri, a Kaye adatsika buluku lili louma. Adakweza kapu ku dzuwa, naiyang'ana kunsi ndi m'mbali.

"Unathira madzi okwanira koma? Ndikuona ngati anali ochepa."

"Munathira nokha, ababa."

"Hm," adatero. "Dontheza."

Bokosi la zida lija silidatuluke pakhomo. Ine mwana wa mlongo wanga adandimana mawu mwezi wathunthu, ndipo ndidaulandira mweziwo monga wondiyenera. A Jaji atabwera Lolemba adazungulira kamodzi, natsika choongoka, nati mlandu watha. A Kaye adakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi, akusankha mashoko ndi maso ndi makutu, akukwera kumpando wa kapu. Ndipo masana aliwonse, Nasipanala akapita kukatenga ana kusukulu, ndinkawaona akudzuka pa mpando wa basi, kusuzumira uku ndi uku, n'kutsikira m'dzenje ndi tochi kukayendera timadontho ta mwana wawo. Zimenezo sindidauze munthu.